Chobisika M'khoma Chidzaululika

Mawu omwe injiniya wa ku nthambi ya zomangamanga adalankhula potsekera maphunziro a chitetezo pantchito, omwe adasonkhanitsa amisiri, makontirakitala ndi makomiti a chitukuko a m'boma la Karonga.

Ndikuthokoza kuti mudasiya minda yanu ya mpunga, maukonde anu ndi ntchito zanu, ena kuchokera ku Songwe ndi ku Kaporo, ena ku Lupembe, ku Nyungwe, ku Uliwa ndi ku Chilumba, kudzakhala pansi pa nkhani imene kawirikawiri timaikumbukira maliro atagwa kale.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Nyumba iliyonse imasenza miyoyo ya magulu awiri: amene akuimanga lero, ndi amene adzagonemo, kuphunziramo kapena kuchiriramo mawa. Tsogolo la magulu awiri onsewa limagamulidwa pamalo amodzi, ndi manja a anthu omwewo, ndipo nthawi zambiri pa ola limene palibe woyang'anira ali pafupi. Funso lathu tsono ndi ili: kodi muyezo wolembedwa m'mabuku ku Lilongwe ungafike bwanji m'manja mwa mmisiri amene ali pansanja ku Wiliro? Ndikhulupirira kuti njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi maphunziro, kuti mmisiri adziwe choyenera. Yachiwiri ndi umboni, kuti choyeneracho chioneke chisanakwiriridwe. Pa njira yachiwiriyi, foni ya m'manja ili ndi ntchito yaikulu.

Zomwe 2009 idatiphunzitsa

Ife a ku Karonga sitifunika mlendo kuti atiuze kuopsa kwa nyumba yofooka. Pa 6 Disembala 2009 nthaka idayamba kugwedezeka, ndipo idapitiriza kwa masabata angapo. Chivomezi chachikulu koposa, cha mphamvu pafupifupi 6.0 pa sikelo ya akatswiri, chidabwera usiku wa pa 19 kuchera pa 20 Disembala. Anthu 4 adataya miyoyo mwezi umenewo, oposa 200 adavulala, ndipo nyumba zikwizikwi, kuphatikizapo sukulu, zidagwa kapena kung'aluka. Mabanja ambiri adadya Khirisimasi ali m'matenti, mvula ya dzinja ili mkati.

Kwa odziwa za miyala, izi sizidali zachilendo. Boma lathu lili m'chigwa chachikulu chimene chidang'amba kum'mawa kwa Africa, ndipo nyanja yathuyi idakhazikika m'chigwa chomwecho. Mapiri a Livingstone, omwe timawaona kutsidya ku Tanzania kunja kukayera, adatukuka motsata mng'alu waukulu wa pansi pa nthaka. Mng'alu wina, umene udasuntha mu 2009, akatswiri adaupatsa dzina la St Mary's chifukwa umadutsa pafupi ndi mishoni ija. Ku Salima nako chivomezi chidagwetsa nyumba mu Malichi 1989. Zidachitikapo, zidzachitikanso, chobisika ndi tsiku lokha.

Chivomezi ndi woyendera ntchito amene salandira chiphuphu. Sichidafunse satifiketi ya kontirakitala, sichidayang'ane penti. Chidapita kumene kudali kufooka. Makoma a gebulo, aja osongoka pamwamba, adagwa chifukwa padalibe chowagwira. Makoma adapatukana m'makona chifukwa njerwa sizidalumikizidwe. Nyumba zopanda ring'ibimu zidamasuka ngati mtolo wa nkhuni wodukidwa luzi. Makoma opyapyala omangira dothi, mazenera oikidwa pafupi kwambiri ndi kona, maziko osazama, zonsezi zidaonekera poyera usiku umodzi. Zolakwika zimenezi sizidabadwe usiku umenewo. Zidakwiriridwa zaka zambiri m'mbuyomo, pansi pa pulasitala, dzuwa likuswa mtengo.

Chaka chotsatira boma, mothandizana ndi mabungwe monga UN-Habitat ndi Malawi Red Cross Society, lidatulutsa buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Tingati buku limenelo lidabadwira kwathu kuno. Koma mnyamata amene wayamba kugwira chipande chaka chino adali khanda mu 2009. Sakumbukira kugona panja. Ngati ife amene tidaona sitimuphunzitsa, adzamanga monga ankamangira aja, ndipo nthaka idzabweranso kudzayendera ntchito yake.

Malamulo alipo

Dziko lathu silisowa malamulo. Lamulo la 1997 lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act limaika udindo pa olemba ntchito woonetsetsa kuti malo antchito ndi otetezeka, kuti antchito aphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa, komanso kuti apatsidwa zovala zodzitetezera popanda kulipira. Lamulo la 2000 la Workers' Compensation Act limapereka ufulu wa chipepeso kwa wantchito amene wavulala pantchito, kapena kwa banja lake ngati wamwalira. Lamulo la Employment Act la chaka chomwecho limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosakwana zaka 18. Bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, lomwe ambiri tidalizolowera ndi dzina la NCIC, lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 kuti lizilembetsa makontirakitala molingana ndi kuthekera kwawo. Malawi Bureau of Standards, yomwe idayamba mu 1972, ndiyo imasunga miyezo ya zipangizo.

Kunja nako tidalonjeza. Mu Novembala 2019 dziko la Malawi lidavomereza mapangano atatu a bungwe la ILO okhudza chitetezo ndi umoyo pantchito, ndipo mu Juni 2022 bungwe lomweli lidagamula kuti malo antchito otetezeka ndi limodzi mwa maufulu oyambirira a wantchito aliyense. ILO idayerekezapo kuti anthu osachepera 60,000 amafa chaka chilichonse pamalo omanga padziko lonse, ndiye kuti munthu mmodzi pa mphindi 10 zilizonse.

Komabe lamulo silikwera nsanja. Siliyeza mchenga, silimanga zitsulo. Boma lathu ndi lalikulu masikweya kilomita 3,355, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 365,028. Mainjiniya ndi oyendera ntchito ndi owerengeka, mafuta a galimoto ndi ochepa, ndipo dzinja likafika North Rukuru, Lufilya ndi Songwe amadula misewu. Amene amapezeka pamalo tsiku ndi tsiku ndi folomani, mmisiri, dakaboyi ndi komiti ya m'mudzi. Ngati muyezo suli m'mitu mwa anthu amenewa, ndiye kuti pamalopo palibe muyezo.

Zimene zimapha womanga

Ndiloleni ndibwereze zomwe mwaphunzira, chifukwa ngozi za pantchito yathu si zamatsenga. Zimadziwika, ndipo ndi zochepa.

Choyamba ndi kugwa kuchokera pamwamba. Tonse tidaonapo nsanja ya migolo iwiri ndi thabwa limodzi long'aluka, kapena mitengo ya bulugamu yokhomedwa ndi msomali umodzi. Munthu akamagwira ntchito pamtunda wopitirira mamita 2, nsanja yake ikhale ndi matabwa odzaza, miyendo yoima pa nthaka yolimba, ndi mtengo wotchinga kumbuyo kwake wofika m'chiuno. Makwerero aime motere: pa mamita 4 alionse okwera, phazi lake litalikire khoma ndi mita imodzi. Nsonga yake ipitirire pamene mukutsikira ndi mita imodzi, ndipo imangidwe. Pofolera, musanyamule malata mwera ukukuntha, chifukwa lata limasanduka thanga n'kumutenga munthu. Ndipo musanaimike chitsulo chachitali, yang'anani kumwamba muone kumene mawaya a magetsi adutsa.

Chachiwiri ndi kukwiririka. Dothi la m'mbali mwa nyanja ndi lamchenga, ndipo madzi ali pafupi. Dzenje la chimbudzi, chitsime kapena ngalande likazama kupitirira mamita 1.2, makoma ake atchingidwe ndi matabwa kapena apendeketsedwe. Dothi lofukulidwa liunjikidwe kutali ndi m'mphepete, ndipo munthu asatsike m'dzenje popanda mnzake pamwamba. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera kuposa matumba 20 a simenti. Likagwera pachifuwa, munthu sathanso kupuma, ndipo makasu safika msanga.

Chachitatu ndi chimene chimapha pang'onopang'ono. Simenti yonyowa imawotcha khungu, ndipo ikalowa m'maso imatha kuchititsa khungu losaona. Fumbi la pophwanya kwale ndi podula mabuloko limakhazikika m'mapapo, ndipo silitulukamo. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala kumakomola munthu wamphamvu. Munthu wochita chizungulire pansi amangokhala pansi, koma pansanja amagwa. Madzi akumwa, mthunzi wopumulirapo, ndi kuika ntchito yolemetsa m'mamawa, zimenezi si chifundo cha bwana. Ndi mbali ya ntchito.

Chisoti, jombo, magolovesi ndi magalasi ndi zofunika, koma ndizo mpanda womaliza. Chisoti sichipulumutsa munthu amene nsanja yathyoka naye. Yambani mwachotsa choopsacho. Chovala chibwere pambuyo.

Maphunziro afike kwa ndani?

Boma lathu lili ndi mwayi. Ku Ngara ndi kumene ndondomeko ya makoleji a luso a m'madera idakhazikitsidwira mu 2015. Tili ndi sukulu ya luso ya MIRACLE, ndipo Livingstonia Technical College sili kutali. TEVETA, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ili ndi njira yoyesera ndi kupereka satifiketi kwa amisiri amene adaphunzirira luso lawo pantchito. Amisiri achikulire, musachite manyazi kukayesedwa. Luso muli nalo kale. Pepala lidzakutsegulirani makomo, ndipo mudzatolako zina zomwe mphunzitsi wanu sadazidziwe.

Koma tinene zoona: amene amavulala kwambiri si amene adapita ku koleji. Ndi waganyu amene walembedwa m'mawa womwewo pachipata, mayi wotunga madzi, mnyamata wokankha wilibala. Ameneyu sadzaitanidwa ku maphunziro ngati ano. Sukulu yake ndi inu. N'chifukwa chake ndikupempha folomani aliyense kuti tsiku lililonse, fosholo isanakhudze mchenga, asonkhanitse anthu ake kwa mphindi 10. Anene ntchito ya lero, choopsa chake, ndi chochita wina akavulala. Watsopano asonyezedwe pokwerera, poyenda ndi posayenera kuima. Ndipo zimenezi zinenedwe m'chiyankhulo chimene munthu amalotera, kaya ndi Kyangonde kaya ndi Chitumbuka. Chikwangwani cha Chingerezi pachipata chimasangalatsa alendo, koma sichiteteza amene satha kuchiwerenga.

Pali phunziro lina limene ndi lovuta kuposa onse, ndilo kulola wamng'ono kulankhula. Mwambo wathu umalemekeza akulu, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma dakaboyi akaona thabwa likupindika, asaope kunena. Folomani amene amakalipira wonena za choopsa akudzitsekera yekha maso ndi makutu. Safunsa adadya phula, ndipo wosafuna kuuzidwa adadyetsa anzake.

Miyezo imene imabisika

Tsopano tibwere kwa gulu lachiwiri lija, ana amene adzaphunzire m'kalasi ndi amayi amene adzachirire m'chipinda chimene mukumanga. Chitetezo chawo chagona pa zinthu zing'onozing'ono zimene sizioneka ntchito ikatha.

Konkire ya muyezo wa 1:2:4 ndi gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi anayi a kwale, zoyezedwa ndi bokosi kapena ndowa imodzimodzi, osati ndi fosholo, pakuti fosholo ya m'mawa ndi ya madzulo sizifanana. Madzi akachuluka, konkire imayenda bwino pothira koma imafooka ikauma. Ikathiridwa imafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu imene injiniya adawerengera imayezedwa pa masiku 28. Kuno kumene dzuwa limawamba, konkire yosathiriridwa imauma isanakhwime. Chimodzimodzi mabuloko a simenti: oumbidwa lero n'kumangidwa mkucha amafumbutuka ndi chala.

Mchenga muuyese ndi botolo. Thirani mchenga ndi madzi, khutchumulani, dikirani ukhazikike. Matope akaunjikana kwambiri pamwamba, mchengawo ukanidwe. Simenti ikhale ndi chizindikiro cha muyezo, isungidwe pamatabwa pouma, ndipo imene yaundana mibulu yosaphwanyika ndi dzanja yatha ntchito. Zitsulo zikhale za kukula ndi chiwerengero chimene chili pa pulani, zomangidwa ndi mphete zake pa mipata yoyenera, ndipo zikutidwe ndi konkire mbali zonse kuti zisachite dzimbiri. Ring'ibimu izungulire nyumba yonse popanda kuduka, zitsulo zake zipindike m'makona. Denga limangiriridwe ku ring'ibimu ndi waya, kuti mphepo isalinyamule.

Kuyambira 2018, malamulo amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Ena amadandaula, koma ife tikudziwa kumene mitengo ya kumapiri ikatha madzi amathamangira. Amabwera m'minda mwathu ndi m'nyumba mwathu. Nkhalango ya kumtunda ndi maziko a nyumba ya kuchigwa ndi nkhani imodzi.

Taonani tsono vuto lake. Zonse ndatchulazi, kuzama kwa maziko, chiwerengero cha zitsulo, kusakaniza kwa konkire, waya wa denga, zimakwiririka. Injiniya akafika patatha masabata awiri amapeza khoma losalala. Khoma la zitsulo zinayi ndi la zitsulo ziwiri zimaoneka chimodzimodzi zikapakidwa laimu. Wakuba simenti amadziwa zimenezi, ndipo amadalira mtunda ndi nthawi. Apa ndi pamene foni ikulowera.

Foni ngati mboni

Pamalo alionse omanga lero pamapezeka munthu mmodzi kapena awiri okhala ndi foni yojambula. Chida chimenechi chikhoza kufupikitsa mtunda wa pakati pa Wiliro ndi ofesi ya khonsolo. Ndikupempha kuti pa ntchito iliyonse ya ndalama za anthu, kaya za CDF, za DDF kapena za GESD, tigwirizane lamulo losavuta: chisanakwiriridwe, chijambulidwe. Nthawi zake ndi zisanu. Ngalande ya maziko ikakumbidwa, tepi yoyezera ikuoneka m'chithunzi. Zitsulo zikamangidwa, konkire isanathiridwe. Pepala loletsa chinyontho likayalidwa, khoma lisanakwere. Ring'ibimu isanathiridwe, makona onse akuoneka. Ndipo denga likamangiriridwa, malata asanafoleredwe.

Zithunzi zimenezi zisonyeze tsiku ndi malo, pakuti mafoni ambiri amatha kutero, ndipo zitumizidwe pa gulu la WhatsApp la ntchito imeneyo, momwe muli folomani, wapampando wa komiti, khansala ndi injiniya. Ajambule ndi wa komiti, osati kontirakitala yekha. Ife a ku ofesi tili ndi mbali yathu: kuyankha tsiku lomwelo, chifukwa kontirakitala sangasunge anthu 20 akudikira yankho. Zithunzizo zisungidwe mufayilo ya ntchitoyo, ndipo pempho la malipiro lizibwera nazo. Kontirakitala wachilungamo sataya kanthu. Amapeza mboni yomuteteza tsiku limene wina adzamunamizire.

Ntchito yachiwiri ya foni ndi kuphunzitsa. Uthenga wa mawu wa mphindi imodzi, wojambulidwa m'Kyangonde kapena m'Chitumbuka, wofotokoza kaimikidwe ka makwerero, umafika kwa munthu amene sadziwa kuwerenga. Kanema wamfupi wosonyeza kapindidwe ka zitsulo pakona amaphunzitsa msanga kuposa tsamba lonse la buku, ndipo mmisiri amatha kumuonera kawiri katatu ali pamalo. Uthenga womwewo ukhoza kuulutsidwa pa Tuntufye FM ndi Radio Dinosaur, kuti ufike kwa amene akumanga nyumba zawozawo kumudzi, kumene kulibe injiniya ndi mmodzi yemwe.

Yachitatu ndi kunena za ngozi, ngakhale imene yangotsala pang'ono kuchitika. Njerwa ikagwa kuchokera pamwamba n'kuphonya mutu wa munthu, timaseka n'kunena kuti Mulungu ngwamkulu. Ndi wamkuludi, koma watipatsa chenjezo laulere. Pa chikwangwani cha ntchito iliyonse palembedwe nambala imene wantchito kapena munthu wa m'mudzi angaimbe, ndipo dzina la woimbayo lisaululidwe. Folomani asunge mufoni yake nambala ya chipatala chapafupi ndi ya woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto amene angafike msanga.

Yachinayi ndi malipiro. Airtel Money ndi Mpamba zakhala nafe zaka zoposa 10. Waganyu akavulala, funso loyamba limene amakumana nalo ndi lakuti: umboni woti unkagwira ntchito pano uli kuti? Wolandira ndalama m'manja alibe choonetsa. Wolandira pafoni ali ndi tsiku, ndalama ndi dzina la wotumiza. Kaundula wa antchito wa tsiku ndi tsiku, wojambulidwa m'mawa uliwonse, amathandiza chimodzimodzi, ndipo ngozi ikagwa amatiuza kuti tikufunafuna anthu angati.

Yachisanu ndi nyengo. Nthambi yoona za nyengo imalengeza za mvula yamphamvu ndi mwera, ndipo pa mitsinje ina ya m'boma lino padaikidwa zida zoyeza madzi zimene zimatumiza chenjezo pafoni. Amene akumanga mlatho kapena kalavati alumikizane ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'deralo. Mvula ikhoza kugwa kumapiri kuno kuli dzuwa, madzi n'kuwapeza anthu ali m'ngalande.

Malire a foni

Ndisakunamizeni kuti foni ndi mankhwala a zonse. Chithunzi sichiyeza mphamvu ya konkire. Munthu wachinyengo akhoza kumanga zitsulo zinayi, kujambula, n'kusolola ziwiri. N'chifukwa chake wa komiti ayenera kukhalapo mpaka konkire itathiridwa, ndipo injiniya ayenera kufikabe pamalo, nthawi zina mosalengeza. Wojambula amene sadaphunzitsidwe amajambula chitseko chokongola n'kusiya kona yopanda chitsulo. Foni imaona chokhacho chimene mwini wake akudziwa kuyang'ana. Choncho maphunziro ndiwo amatsogola.

Netiweki siifika paliponse, bandulo imadya ndalama, ndipo moto wa mufoni umatha. Tisasenzetse mtolo umenewu mayi wa komiti amene akugwira ntchito mongodzipereka. Ndalama yake ilowe mu bajeti ya ntchitoyo. Foni yomweyo ndi choopsa pansanja ndi pachiongolero cha galimoto. Woyankha foni atsike kaye. Ndipo pali khalidwe lina loipa limene lafala: munthu akavulala, anzake amathamangira kujambula m'malo momunyamula, banja lake n'kumva za tsokalo pa Facebook. Limenelo si luso lamakono, ndi kusowa umunthu.

Mtengo wa kukhala chete

Ambiri mwa ana athu amapita kukamanga nyumba za eni ku South Africa. Pa 6 Meyi 2024, mumzinda wa George, nyumba yosanjikizana imene inkamangidwa idagwa, ndipo anthu 34 adafa, ena mwa iwo Amalawi. Kafukufuku wa boma la dzikolo adapeza kuti zizindikiro zidaoneka kale. Ming'alu idaoneka, antchito adanena, koma ntchito sidaimitsidwe. Dziko limenelo lili ndi malamulo ambiri ndi mainjiniya ochuluka kuposa ife. Chidasowa ndi munthu womva chenjezo n'kukhala ndi mphamvu yonena kuti imani. Nyumba zathu si zazitali chomwecho, koma khoma la kalasi likagwera ana, kulira kwake n'kumodzimodzi.

Ndikudziwa chimene makontirakitala mukuganiza: zonsezi zimafuna ndalama, ndipo ntchito imapita kwa wotchula mtengo wotsika. N'zoona, ndipo wotchula mtengo wotsikitsitsa amayamba kudula pa nsanja, pa jombo ndi pa simenti. Pempho langa kwa khonsolo ndi lakuti chitetezo chikhale ndi mzere wakewake pa mndandanda wa mitengo ya ntchito, ndipo ndalama yake izilipidwa pokhapokha zinthuzo zaoneka pamalo. Pamenepo wachilungamo sadzagonja chifukwa cha chilungamo chake. Pempho lachiwiri ndi lakuti malipiro a makontirakitala asamachedwe, chifukwa kontirakitala wa ngongole ndiye amathamangitsa ntchito ndi kuchotsa matabwa konkire isanakhwime.

Kwa mafumu athu ndi makhansala, ndikupempha mwaulemu kuti komiti ikaimitsa ntchito chifukwa cha muyezo, muiikire kumbuyo, ngakhale kontirakitalayo ndi mwana wa m'mudzi momwemo. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Musalole ana asukulu kututa mchenga ndi njerwa m'dzina la chitukuko. Amayi ogwira ntchito pamalo omanga apatsidwe chimbudzi chawo, malipiro ofanana ndi abambo pa ntchito yofanana, ndi ulemu. Wowafunsira chibwenzi posinthana ndi ntchito aneneredwe.

Kwa inu amisiri, dzina lanu silidzalembedwa pa mwala wotsegulira nyumba. Padzalembedwa la mlendo wolemekezeka. Koma mudzi umadziwa amene adamanga, ndipo nyumba zimene zidaima mu 2009 zidalengeza amisiri ake popanda chikwangwani. Lolemba likudzali, musanayambe ntchito, sonkhanitsani anthu anu kwa mphindi 10. Yang'anani nsanja. Yezani ndi bokosi. Thirirani konkire. Jambulani musanakwirire. Mukaona choopsa, imitsani ntchito, ndipo ofesi yathu idzaima nanu.

Pa 28 Epulo chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira chitetezo ndi umoyo pantchito. Ndikupempha kuti tsiku limenelo likadzafika tidzakumanenso, aliyense atanyamula kaundula wa ntchito yake: zithunzi zingati zidatumizidwa, zolakwika zingati zidakonzedwa zisanakwiriridwe, ngozi zingati zidanenedwa, ndipo anthu angati adabwerera kwawo madzulo ali ndi manja ndi miyendo yawo yonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limene tikusenza pano pansi pake padzakhala ana athu.